Mtima Waukulu

Ndinapita kuti ndikakhale pakamwa pa bambo.
Zaka makumi anayi ali mu Melbourne
koma Chingerezi chawo chimathera pa mtengo wa nyama
ndi moni wa pa basi.
Ine Despina, wobadwira konkuno,
ndakhala ndikuwanyamulira mawu
kuyambira ndili ndi mano a mkaka:
kubanki, kukhonsolo, kwa mwini nyumba.

Dokotala Pereira anapachika chithunzi cha chifuwa
pa galasi loyaka,
nthiti zili mbee,
pakati pake chimthunzi chonenepa ngati nkhonya ziwiri.
Anatchula liwu limodzi lalitali:
cardiomegaly.

Ndinayasamula kuti ndimasulire.
M'kamwa munali gwaa.
Sukulu yanga yonse inangoti zii.

Bambo anatsokomola, nakonza kapu pabondo.
"Kardia megali," anatero. "Mtima waukulu.
Mayi ako akanakhala moyo akanatsutsa."

Dokotala anaika cholembera pansi.

Ndiye kunali kusenda.
Munthu amene wagwira mpeni m'butchala moyo wake wonse
sakangana ndi fupa,
amafufuza mfundo ndi chala, mpeni n'kungodutsa.
Dokotala akaponya liwu patebulo
bambo ankalitembenuza, kulipapasa,
kenaka khaa, pawiri.
Nephritis? "Nefra, impso.
Ndinkagulitsa pa kilo, Lachisanu zinkatha msanga."
Dyspnoea? "Dys ndi chovuta, pnoi ndi mpweya.
Zimenezo andiuza kale masitepe a kunyumba."

Pa hypertension mpeni unakakamira.
"Mutu ndi wathu, hyper, kupyola muyeso.
Koma thupili si la kwathu."
"N'Chilatini," anatero dokotala,
"kukoka chingwe mpaka chilire."
Bambo anapukusa mutu:
"Aroma aja. Anatenga mafano athu,
ndiye anakwatiranso mawu athu osatiuza."

Ndinakhala pampando wapakona, chikwama pamiyendo,
womasulira wopanda ntchito.
Ndinakumbuka tsiku la makolo ku pulayimale,
bambo atabwera ndi epuloni yonunkha mafuta a nkhosa,
akufuula Chigiriki pakhonde la kalasi,
ine n'kuuza anzanga kuti ndi woyandikana nafe nyumba.
Chaka chomwecho ndinapambana mpikisano wa masipelo
ndi liwu loti sympathy.
Sindinadziwe kuti ndinalitola m'khitchini mwathu,
kuti syn ndi pamodzi, pathos ndi kuwawa,
kuti ndinkapikula mphoto
ndi ndalama za m'thumba la munthu amene ndinamukana.

Kenaka dokotala anatsitsa mawu.
Anayang'ana ine, osati iwo.
Chronic, anatero. Sichichoka ichi.
Tingochinyengerera.

Ili ndinkalidziwa,
ndipo ndinalisunga pansi pa lilime ngati piritsi lowawa.
Koma nkhope ya bambo inawala.
"Chronia! Zaka!
Chronia polla, zaka zambirimbiri,
si mmene timafunirana mafuno abwino pa Pasaka?
Muuze kuti zikomo, nayenso chimodzimodzi."

Sindinakonze.
Mwina anamva bwinobwino.
Bambo anga sanagulitsidwepo nyama yoola
osadziwa.

Potuluka anaima pansi pa chikwangwani cha pharmacy,
akupuma ngati akwera phiri.
"Farmako ndi wochiza," anatero,
"farmaki ndi wakupha.
Kusiyana kwake ndi kachilembo kamodzi kumchira.
Uziwerenga bwino mabotolo anga."

Mu tramu anagona, mutu pa phewa langa,
wolemera, wofunda, wonunkhira sopo wometera.
Kunja mzinda unkadutsa ndi zikwangwani zake:
telephone, theatre, academy, taxi,
mawu amene anakwera chombo kalekale bambo asanabadwe,
nafika kuno opanda sutukesi,
navala jekete, nalembedwa ntchito zapamwamba,
osafunsidwa n'komwe kuti kwanu n'kuti.

Ndinawawerenga chamumtima, limodzi limodzi,
ndikufufuza mfundo ndi chala
mpaka pa siteji yathu,
pomwe ndinawagwedeza pang'ono:
"Baba, tafika."